Mbande za Apongozi ndi Nkhokwe ya Munthu Wathu

Inu, takhalani pansi kaye, iyi si nkhani yomvera chiimire. Kuno kwathu ku Bulgaria, m'midzi yozungulira mzinda wa Plovdiv, chinthu chikakhala ndi dzina, chidindo komanso tsiku lothera mphamvu, timachiyang'ana cham'mbali. Uchi wa m'sitolo? Ndi shuga uyo. Rakiya, kachasu wathu uja, wa m'sitolo? Ngotsukira mawindo, osati womwa. Chinthu chenicheni chimabwera m'botolo lakale la mafuta ophikira, chimachokera kwa "munthu wathu," ndipo kumufunsa munthu wathuyo kumene wachitenga n'chimodzimodzi kumutukwanira mayi ake. Dzino timazulitsa kwa munthu wathu, matayala timagula kwa munthu wathu, ena ngakhale mkazi anamupeza kudzera kwa munthu wathu. Ndiye musamuseke kwambiri Stoil Karabelov. Anangochita zomwe tonsefe timachita, kungoti iye anakazichitira pakompyuta.

Stoilyu anali bambo wazaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, wadazi lonyezimira, katswiri wolemba mapulogalamu pakampani ina yopanga masikelo. Kuntchito ankamupatsa ulemu. Kunyumba ayi, chifukwa anali pachikamwini, ndipo kwa zaka makumi awiri apongozi ake, mayi Tsonka, ankauza aliyense wofunsa kuti, "Mkamwini wanga ntchito yake n'kugogoda tebulo ndi zala."

Mayi Tsonka anali ndi chuma chimodzi padziko lapansi: matimati. Osati timatimati ta m'sitolo tokoma ngati sopo, ayi. Matimati apinki, aakulu ngati mutu wa khanda, oti ukadula limodzi banja lonse limadya mpaka galu kutsala ndi chonyambita. Nthanga zake anazilandira kwa mayi awo, omwenso anazilandira kwa mayi awo. Chaka chimenecho, mwezi wa Epulo, mbande mazana atatu zinali zitaima ndondondo m'timiphika, m'chinyumba chapulasitiki kuseri kwa nyumba. Ndipo mbande zimenezi sizimva nthabwala: m'mawa uzithirire, dzuwa likaswa utsegule mawindo, kukazizira utseke n'kuyatsa mbaula yamagetsi.

Ndiyeno mawondo a mayi Tsonka anakana. Dokotala anawalembera masiku khumi ku akasupe otentha a ku Hisarya, ndipo mwana wawo Velichka, mkazi wa Stoil, anayenera kuwaperekeza.

"Mbandezi ndisiyira a Ginka a pakhomo linalo," anatero mayi Tsonka pachakudya chamasana.

Stoil anaika foloko pansi. "Amayi, m'nyumba muno muli mwamuna."

"Ali kuti?"

"Amayi!" anatero Velichka.

"Ndikupangirani pulogalamu," Stoil anapitiriza, khosi litatupa. "Kompyuta izimva kutentha yokha, izitsegula mawindo yokha, izithirira yokha. Siiwala, siwodzera, sipita kokacheza ngati a Ginka."

"Nanga ikandiphera mbande imodzi?"

"Mudzandidule khutu."

"Makutu anu ndi awiri okha, akamwini. Mbande ndi mazana atatu."

Komabe anavomera, osati chifukwa chomukhulupirira, koma chifukwa a Ginka ankazisirira nthanga zija kuyambira ali atsikana.

Masiku atatu Stoil anali pakalikiliki: mawaya, timakina tokankha mawindo, pampu, kachida koyezera kutentha, ndi laputopu yakale yomwe anaikhazika pakreti pakati pa mbande ngati mkwatibwi. Chinatsala chimodzi. Inu amene simugogoda matebulo, tamverani. Wolemba mapulogalamu ali ngati kalipentala, amafuna zida, koma zida zake amakatenga pa intaneti, kumalo otchedwa nkhokwe, zitamangidwa m'maphukusi. Ilipo nkhokwe yovomerezeka, kumene phukusi lililonse amaliyesa, kulitembenuza, kulinunkhiza, kenako n'kuliika chidindo. Vuto lake, anthu a kumeneko sathamanga. Chida chomwe Stoil ankafuna, choti pulogalamu yake izimvana ndi kachida koyezera kutentha kaja, anali atalemba kuti chikuyesedwabe, chituluka pakatha sabata. Basi ya ku Hisarya inali yonyamuka mawa lake.

Apa m'pamene panatulukira Parvan, nkhoswe yake, mkulu amene anawagwirira zisoti zaukwati kutchalitchi. Mukudziwa nokha kuti mawu a nkhoswe sabwezedwa. Parvan ankakonza makina a pakauntala m'masitolo, ankadziwa za makompyuta pang'ono, pang'ono poopsa paja, ndipo anali ndi munthu wake pa chilichonse.

"Sabata?" anakuwa Parvan. "Iwe mphwanga, wayamba liti kuima pamzere ngati mlendo? Ndili ndi munthu ku Ruse, dzina lake Ognyan. Ali ndi nkhokwe yakeyake. Chida chimenecho chilimo kale, chatsopano, chotentha, anachithiranso katsabola, chimathamanga kuposa chovomerezekacho."

"Mumamudziwa bwino, ankhoswe?"

"Ngati chikhatho changa. Lemba."

Anawerenga adiresi kuchokera kuseri kwa paketi ya fodya, Stoil n'kumalemba. Kompyuta inaima kaye, kenako inatulutsa chenjezo: nkhokwe iyi ilibe chidindo chodziwika, mukufunadi kupitiriza?

"Ikufunsa chidindo," anatero Stoil.

Parvan anavula chipewa pang'onopang'ono ngati munthu amene wamenyedwa mbama m'tchalitchi. "Chidindo. Tsiku la ukwati wako, ine nditaima ola lathunthu, mkono m'mwamba, chisoti pamutu pakopo, unandifunsa chidindo? Rakiya wanga wamwa zaka makumi awiri, unachita khungu?"

"Diso lamanzereli limavuta pang'ono."

"Limenelo ndi la kompyuta. Dina inde."

Anadina. Kompyuta inafunsanso: phukusi ili likubwera ndi anzake mazana awiri ndi khumi ndi anayi, ndipo ena makumi asanu ndi limodzi omwe ali muno achotsedwa kuti alendowa apeze malo. Mukuvomera?

Stoil anakanda dazi. "Ndaitana mlendo mmodzi, akubwera mudzi wonse."

"Ndiye kuti ngwa banja labwino. Munthu wopanda abale ndi mfiti. Dina."

Kachitatu inapempha mawu achinsinsi a mwini kompyuta, kutanthauza makiyi a zipinda zonse mpaka kuchipinda chogona. Anapereka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze dzina la munthu amene wafunsidwa katatu n'kulidyabe phulalo, ndi supuni, atavala thaulo pakhosi.

Ndiye taonani zodabwitsa, chinthucho chinagwira ntchito! M'mawa mwake, zikwama zili kale pakhonde, Stoil anaitana apongozi, anatenga chowumitsira tsitsi cha mkazi wake n'kuuzira mpweya wotentha pa kachida kaja. Mawindo onse anayi anayasamula okha, kweee! Anadina batani, madzi anawaza bwinobwino ngati mvula ya mawawa. Mayi Tsonka anayang'ana mawindo, anayang'ana mkamwini, ndipo anati, "Hm." Inu, pa zaka makumi awiri, chimenecho chinali chiyamikiro chachikulu kuposa zonse. Stoil anatsala pang'ono kukachiika m'felemu.

Tsiku loyamba zonse zinayenda ngati ukwati wa mwana wa wansembe. Tsiku lachiwiri laputopu inayamba kulira. Fuuuu! Ngati ndege yofuna kunyamuka koma yaiwala mapiko kunyumba. Kuikhudza, moto. Mphaka wa mayi Tsonka anasamukira pomwepo ndi katundu yense. Parvan atabwera ndi banitsa yozizira, chitumbuwa chathu cha tchizi chija, anangoiika pamwamba pa mabatani, mphindi zisanu tchizi n'kuyamba kuyenderera.

"Waona?" anatero akutafuna. "Zovomerezeka zakozo zimatenthetsa chakudya?"

"Ikugwira ntchito molimbika," anavomera Stoil monyadira.

Molimbika inde, koma osati ntchito yake. Tsiku lachitatu dzuwa linaswa teni koloko, mawindo anatseguka fili koloko. Madzi a m'mawa anafika madzulo ngati sitima ya ku Varna. Mbande zinaweramitsa mitu ngati ana asukulu ogwidwa akuba mapichesi. Stoil atasuzumira m'mimba mwa kompyuta, anapeza kuti mmodzi mwa alendo aja, wadzina losatchulika, wakhala pampando wa bambo, akudya mphamvu zonse. Ankakumba ndalama za pa intaneti zija n'kumazitumiza kwa munthu wina kutali, pamagetsi a mayi Tsonka. Pulogalamu ya mbande inkachita kudikira pakhomo ngati wopempha mchere.

Pomwepo foni inalira. Velichka.

"Amuna anga, amayi akufunsa ana awo."

"Ali bwino! Akukula! Akupereka moni!"

"Nanga chikulira kumeneko n'chiyani?"

"Ndege."

"Ndege yaima pamalo amodzi?"

"Ndi ya asilikali, zimenezo sitifunsa."

Chapatali, pakati pa phokoso la madzi, anamva mawu a apongozi: "Umuuze kuti ndalota ndikunola mpeni!"

Stoil anadula foni n'kulamula kompyuta kuti ithamangitse mlendo wakubayo. Inayankha mwaulemu kuti kuchotsa ameneyu kuchotsanso ena mazana atatu ndi makumi asanu ndi atatu, kuphatikizapo pulogalamu yanu ndi china chilichonse chooneka pasikirini. Alendo aja anali atakwatirana kale ndi eni nyumba, ana ali kumsana.

Munthu wanzeru akanazula waya kukhoma, n'kutenga kheni yothirira. Inali pomwepo kheniyo, yobiriwira, ikumuyang'ana. Stoil anafika mpaka poigwira chogwirira. Koma atadzutsa mutu anaona mpango wa a Ginka pamwamba pa mpanda, ndi maso awiri pansi pa mpangowo. Akanangoyerekeza kuthirira ndi manja, nkhaniyo ikanafika ku Hisarya madzi asanalowe m'dothi. Anaisiya kheni ngati yamuluma, n'kuimbira nkhoswe.

M'mawa wa tsiku lachinayi Parvan anafika akusisita manja. "Zazing'ono izi. Ognyan ali ndi msuweni. Ndamupeza pa intaneti, pansi pa tsamba la Ognyan lomwe lija, walemba yekha kuti aliyense amene kompyuta yake ikutentha abwere kwa iye. Nkhokwe yake ndi ya mankhwala okhaokha."

"Ankhoswe, bwanji ulendo uno tiyambe tafunsafunsa?"

"Njoka ikakuluma, mankhwala ake amachokera kutchire komweko. Lemba."

Machenjezo atatu, ma inde atatu. Ndipo laputopu inangoti zii. Bata. Mphaka anadzuka, anawayang'ana onse awiri monyansidwa, n'kuchoka. Amuna awiriwo anakumbatirana, anapsopsonana m'masaya, ndipo anagwirizana zopita kumalo odyera a pabwalo kukalawa tambula imodzi yokha ya rakiya ndi saladi. Koma tambula imodzi ya kuno imayenda ndi azing'ono ake. Anabwerera patatha maola atatu, akuimba nyimbo za ku usilikali.

Ali pageti nyimbo inaduka. Chinyumba chapulasitiki chija chinali mbuu, chitatupa ngati tsaya la munthu wodwala dzino, chikutuluka thukuta. M'katimo alendo a Ognyan ndi alendo a msuweni anali atagwirana pakhosi, ndipo pankhondo imeneyo kachida koyezera kutentha kanasokonezeka mutu n'kuyamba kulengeza kuti kunja kwagwa chisanu cha Januwale, mwezi wathu wozizira kwambiri. Pulogalamu ya Stoil, yomvera ngati mwini wake, inatseka mawindo onse gwa, inayatsa mbaula mpaka pothera, pampu nayo inatseguka n'kuiwala kutseka. Dzuwa pamwamba, mbaula pansi, madzi pakati. Inu amayi odziwa kuphika, chinthu chotere timachitcha chiyani? Poto!

Stoil atatsegula chitseko, nthunzi inamuwomba mpaka dazi linasamba lokha. Itachepa anaona mbande zonse mazana atatu zitagona chafufumimba, zofewa, zofutsika bwino, zikununkhira ngati supu wa Lamulungu. Madzi anali atadutsa pansi pa mpanda, nkhuku za a Ginka zitakwera padenga la khola, ndipo eni ake ali pamakwerero akutchula mayina a oyera mtima mosatsata ndondomeko. Walira mvula walira matope.

Parvan anatola mbande imodzi, anaiyang'ana, anailawa. "Yangosowa mchere."

"Muimbireni munthu wanuyo," anatero Stoil ndi mawu a munthu amene waona kale bokosi lake. "Pompano."

"Nambala yake yeniyeni ndilibe."

"Mulibe?"

"Kwenikweni ndi mnzake wa ku usilikali wa mwamuna wa mayi uja amakonza tsitsi la mkazi wanga."

"Munati mumamudziwa ngati chikhatho chanu!"

"Iwe chikhatho chako unachiyang'anitsitsa liti?"

Atadutsa mafoni anayi, Ognyan anapezeka. Kumbuyo kwake kunkamveka injini. Anali pafupi ndi Hamburg, akuyendetsa lole ya nkhuku zoumitsidwa ndi chisanu.

"Nkhokwe?" anafuula Ognyan. "Eee, achimwene, zimenezo ndinasiya zaka zinayi zapitazo! Adiresiyo ndinaitaya, anaitola wina."

"Ndani?"

"Ndidziwa bwanji? Ukasamuka nyumba umadziwa amene akugona pabedi pako?"

"Nanga msuweni wanu?"

"Msuweni? Ine msuweni ndilibe, mayi anga anabadwa okha. Bwanji, mwatengako kanthu kumeneko? Ayi, musatero! Ngakhale ine mwini wake sindinkatengako!"

Stoil analumbira, dzanja pamtima, kuti sadzakhudzanso chinthu chopanda chidindo, kaya pulogalamu, kaya soseji. Anafufuta zonse za m'laputopu mpaka kuisiya ngati mbale yotsuka, n'kuyambiranso pachiyambi. Pomwe ankamaliza, sabata ija inali itakwana, ndipo m'nkhokwe yovomerezeka chida chija chinali chitakhala phee, chidindo chili pamphumi, chikumudikira. Chinagwira ntchito popanda ngakhale kutsokomola. Mawindo ankatseguka pa nthawi yake, madzi pa nthawi yake. M'Bulgaria monse munalibe matope osamalidwa bwino ngati a m'chinyumba chimenecho.

Kunatsala masiku atatu. Stoil anathamangira kusitolo ya zaulimi, kumene mbande iliyonse ili ndi kapepala ka dzina, koma anapeza zatsala makumi anayi zokha, zoonda ngati zadwala chifuwa. Anabwerera n'kukhala pakreti, mutu m'manja.

Parvan anatsokomola. "Ndili ndi munthu."

"Ankhoswe, ndakugwirani mwendo. M'dzina la zisoti zija."

"Uyu ndi wina! Wa mbande! Palibe waya, palibe batani, ndi dothi lokhalokha. Dothi linanamizapo ndani?"

Inu, mukanakhala inu mukanatani? Kumbuyo mpeni, kutsogolo nkhoswe. Uthenga unanyamuka: Parvan anauza mayi wokonza tsitsi, mayiyo anauza mlamu wake woyendetsa takisi, wa takisi anauza munthu wake. Pofika kumapeto unali utatsala mafupa okhaokha: mbande mazana atatu, mwachangu, ndi nkhani ya apongozi.

M'mawa mwake anakampeza munthuyo kumapeto kwa tauni, kuseri kwa khoma lalitali, mkulu wa ndevu zoyera ndi kagalimoto kodzaza mathileyi. Atangoona Stoil anavula chipewa, anamukumbatira, n'kumusisita pamsana.

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri. Limbani mtima. Apongozi ndi apongozi."

"Ndikuyesetsa," anatero Stoil, misozi ili lengelenge, poona kuti padziko pano pali munthu mmodzi womvetsa.

Mkuluyo anatsitsa mtengo yekha, asanapemphedwe. Apa ndiye pamene munthu wodziwa msika akanathawa osacheuka, chifukwa wogulitsa akatsitsa usanatsegule pakamwa, ndiye kuti mmodzi wa inu sakudziwa chimene chikugulitsidwa. Stoil anaona kuti masamba ake ndi okhuthala pang'ono, anatsegula pakamwa kuti afunse mtundu wake, koma nsapato ya Parvan inatera pachala chake chachikulu.

"Munthu wakukumbatira, wakuchotsera mtengo, iwe ukufuna umufunse mafunso ngati wapolisi?" ananong'ona Parvan. "Nyamula."

Anazidzala m'timiphika ta mayi Tsonka, mizere yowongoka ngati asilikali. Kompyuta inazithirira, inazipatsa mpweya, ndipo zinaima njo, zobiriwira, zonenepa kuposa zoyamba zija. Stoil anayambanso kuyenda chifuwa patsogolo. Anafika mpaka popereka moni kwa a Ginka.

Tsiku lakhumi masana takisi inaima pageti. Mayi Tsonka anatsika opanda ndodo, mawondo ngati a mtsikana, ndipo sanalowe n'komwe m'nyumba. Analunjika kuseri, Velichka pambuyo, Stoil ndi Parvan pambuyo penipeni. Mayi Tsonka anaima pakhomo la chinyumba chija. Kenako anawerama, anathyola tsamba limodzi, analifikisa pakati pa zala, n'kulinunkhiza. Velichka anasuzumira paphewa pawo, n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Akamwini."

"Amayi."

"Izi mwazitenga kuti?"

"Ndi zanu zomwe zija, amayi. Zangonenepa ndi mpweya wa kompyuta."

"Kuseri kwa khoma la kumanda? Kwa mkulu wa ndevu zoyera?"

Stoil anacheukira Parvan. Khoma lija ankaliona ngati la fakitale.

"Awa ndi maluwa a pamanda, akamwini. Aja timayala pamitumbira mu Novembala." Anayang'ana mizere yonse, uku ndi uku, akuwerenga ndi chibwano. "Ndachoka masiku khumi kukakonzetsa mawondo, inu mwandikonzera kale mazana atatu. Malemu amuna anga pamaliro awo analandira asanu ndi awiri."

Basi Stoil anakhuthula zonse: nkhokwe, chidindo, alendo, msuweni wosabadwa, supu, Hamburg. Parvan anayesa kutsetsereka chammbuyo, koma Velichka anali atamugwira kale lamba. Mayi Tsonka anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira. Kenako anatsegula chikwama chawo cham'manja, anafufuza pansi pa zisa ndi maswiti, n'kutulutsa kabotolo ka mapiritsi. Anakagwedeza. Munalira nthanga.

"Theka ndinapita nazo. Zasamba nane ku Hisarya. Mumaganiza kuti munthu wamutu wake angasiyire mkamwini nthanga zonse?"

Mawondo a Stoil ndi amene anakana tsopano. Anakhala pansi m'matope, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, akupsopsona dzanja la apongozi, dzanja la mkazi wake, mpaka dzanja la Parvan mwangozi.

"Amayi, Mulungu akudalitseni! Ndiye maluwawa ndizule pompano? Ndikataye kumtsinje?"

"Muzule? Zinthu zabwinobwino?" Mayi Tsonka anabweza kabotolo m'chikwama n'kutseka, kapu! "Muwaike m'mbali mwa mpanda, ndipo muziwathirira m'mawa uliwonse. Matimati anga achedwa ndi mwezi wathunthu, ndipo a Ginka akolola ine ndisanakolole, koyamba chibadwire. Ndikadzaona zimenezo sindikudziwa kuti ndidzachita chiyani."

Anamuyang'ana Stoil kuyambira kudazi mpaka kunsapato, ngati telala woyeza ndi maso, kenako anamuyezanso Parvan.

"Ine mawondo anga achira, ndilipo. Koma asatayidwe maluwawa. Akwanira anthu awiri."